Ndalama Zosainidwa ndi Bambo

Portland, 19 Novembala 1865

Okondedwa Amayi, ndi iwe Philena mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino kumundako, ndiponso kuti chifuwa cha Amayi chija chinaleka. Ine kuno ndili bwino, kungoti ndimanunkha nsomba zamchere kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, poti tebulo langa lolembera anangoliika pakati pa migolo. Philena, mbatata mwakumba zochuluka bwanji chaka chino? Nanga ng'ombe yamawanga ija inabereka?

Nkhani yaikulu ndi ya Eben, mng'ono wanga. Ndapeza munthu amene ntchito yake ndi kukatenga mitembo ya asilikali ku Virginia. Ndinamuonetsa kalata ya mnzake wa Eben uja, yonena kuti anamuika pansi pa mtengo m'munda wa mlimi wina kufupi ndi Petersburg, n'kuzikapo thabwa lolembedwa dzina. Akuti malowo akuwadziwa. Kufukula, bokosi lachitsulo ndi sitima mpaka ku Corliss Mills, zonse pamodzi madola 190. Koma ntchitoyi amagwira nyengo yozizira yokha, pakati pa Epulo amaleka. Akutinso alimi kumeneko ayambiranso kulima, ndipo khasu la ng'ombe silidziwa kuwerenga thabwa.

Ndikudziwa kuti ndalama za m'chitini cha Amayi zikukwana ndendende. Vuto ndi lakuti munthuyu sangazilandire. Chiyambire nkhondo, boma lalikulu la ku Washington likutulutsa ndalama zake, zobiriwira kumsana zija. Tsopano laikanso msonkho woti banki iliyonse ikamadzapereka kwa anthu ndalama za mabanki athu akale, pa madola khumi alionse izidzalipira dola imodzi. Ndi banki iti ingalole kudyedwa chotero? Aphungu athu ku Augusta anali atakonza kale lamulo lolola mabanki kubweza chilolezo cha boma la Maine n'kukalembetsa ku Washington. Banki ya Corliss Mills, kumene Bambo anali msungichuma zaka zonse zija, inatero kale. Nyumba ndi yomweyo, chitseko chomwecho, koma dzina ndi lina, ndipo ndalama zake zakale ikuziitanitsa. Ndamva kuti pali tsiku lomaliza lozibwezera. Sindinalidziwe, ndikufufuza.

Ndiye ndikupempha kuti munditumizire ndalamazo. Kuno ndikhoza kuzisintha msanga n'kumulipira munthuyo Khirisimasi isanafike.

Ndine wanu,
Orrin


Alder Ridge, 3 Disembala 1865

Achimwene,

Moni wanu tamulandira. Amayi akutsokomolabe koma akudya. Mbatata takumba migolo makumi atatu, ng'ombe inabereka kamwana kakamuna, ndipo pa zonsezi palibe chimene tikutumizireni.

Kalata yanu tinaiwerenga limodzi. Amayi anangonyamuka kukapukusa batala. Ine ndiye ndili nazo zonena. Zaka ziwiri osaponda kuno, ngakhale pa mapemphero a maliro a Eben, makalata anu aafupi ngati mchira wa mbuzi, lero mwadzidzidzi kalata yodzaza tsamba lonse, ndipo kumapeto kwake akuti tumizani chitini. Achimwene, ndinabadwa pambuyo panu, koma sindinabadwe dzulo.

Ndinakafunsa a Sewall Pettengill kusitolo, poti iwo ndiwo amasunganso positi ndipo amamva zambiri. Akuti msonkho umenewo ndi wa mabanki, osati wa akazi amasiye, ndipo iwo akulandirabe ndalama za Corliss Mills tsiku lililonse. Nanga ndalama imafa bwanji ili m'chitini, ngati nkhuku? Mwaiwala kuti Bambo ankabwera nazo kunyumba zili zinayizinayi pa pepala limodzi, n'kumazisaina patebulo la kukhitchini, ife n'kumadula ndi sizasi ya Amayi? Inu munkadula mowongoka, Eben ankadula ngati paluma khoswe, Bambo n'kumamuthamangitsa akuseka. Chimwalirire Bambo, Amayi akagulitsa batala kapena ubweya amapempha kuti awapatse zokhazo zokhala ndi dzina la Jotham Thurlow. Zaka zinayi akutola limodzilimodzi. Ndiye inu mukuti tizikulunge tizipereke kwa munthu amene sitikumudziwa n'dzina lomwe?

Ndinene poyera chimene chili pamtima panga. Nyumba ya Bambo ku Corliss Mills tinaigulitsa kuti tipeze madola mazana atatu okuombolerani ku usilikali. Chaka chotsatira dzina la Eben litatuluka pa maere, lamulo loombolera lija n'kuti atalichotsa, ndipo ngakhale likanakhalapo tikanagulitsanso chiyani? Iye anapita, inu muli ku Portland mukudandaula za fungo la nsomba. Sindikuti munamupha ndinu. Ndikungoti ndalama za nyumba ino zinalowapo kale m'manja mwanu kamodzi, ndipo sizinabwerere.

Ngati muli pa mavuto, kaya ndi ngongole kaya ndi mkazi, nenani mwachindunji, tione chochita. Koma musagwiritse ntchito mafupa a Eben potsegulira chitini cha Amayi.

Mlongo wanu,
Philena


Portland, 17 Disembala 1865

Philena,

Moni kwa iwe ndi kwa Amayi. Uwauze azimwa uchi ndi madzi otentha m'mawa.

Kalata yako yandibaya, koma sindikukana, unali ndi chifukwa choilembera. Chabwino, usanditumizire ngakhale senti imodzi. Ndinalakwitsa kupempha motero. Pitani nokha ku Corliss Mills, inu awiri, mukapereke ndalamazo pakauntala, akupatseni zatsopano, dola kwa dola. Mukatero mudzamulipire nokha munthuyo. Dzina lake ndi malo ake ndalemba kuseri kwa tsamba lino, mukhoza kumulembera osadzera mwa ine.

Tsiku lija ndalipeza. Lamulo la ku Augusta linapatsa banki yobweza chilolezo zaka ziwiri zoti ilipire aliyense wobwera ndi ndalama zake zakale. Zaka ziwirizo za banki ya Bambo zikutha Loweruka pa 31 Malichi. Likadutsa limenelo, palibe khoti lingaikakamize. Ndadula chidziwitso chake m'nyuzipepala, ndi kapepala kamene ndamata apaka, uwerenge ndi maso ako. A Pettengill anena zoona theka. Msonkho ndi wa mabanki ndithu, koma banki ikakana ndalama, wogulitsa sitolo amaikana mawa lake, ndipo wotsala nayo m'manja ndi mkazi wamasiye yemweyo. Kuno m'tauni anthu ayamba kale kuzigula ndalama zoterezi pa mtengo wozizira kwa osadziwa, n'kukazisintha okha.

Za mazana atatu aja, sipadutsa tsiku osawakumbukira. Ukuganiza kuti ndimalephera kubwera chifukwa cha ntchito? Sindikudziwa kuti ndingakhale bwanji patebulo lija, moyang'anana ndi mpando wa Eben, Amayi n'kumandigawira nyemba. Ndimachita manyazi, Philena. Chimene ndingathe n'chokhachi, kuti abwere kwawo agone pafupi ndi Bambo.

Musadikire kuti chipale chofewa chisungunuke, msewu wa ku Corliss Mills umasanduka phala mu Malichi. Undiyankhe msanga.

Mlongo wako,
Orrin


Alder Ridge, 11 Febuluwale 1866

Achimwene,

Moni, ngati mudakali moyo. Ife tilipo. Kwazizira moti mkaka ukuuma m'ndowa ndisanafike nawo kukhitchini.

Miyezi iwiri ndi sabata, zii. Ndinakufunsani funso losavuta, inu mwasankha kukhala duu, ndipo kwa ine limenelo ndi yankho. Chitini chitakanika, chikondi chanu pa Eben chathera pomwepo? Amayi akabwera kuchokera kusitolo Loweruka lililonse ndimawafunsa, "Kalata ilipo?" Iwo amangovula magolovesi n'kumafunsa ngati nkhumba zadya. Mukuwazunza, achimwene. Aonda, ndipo masiku ano chitini chija achichotsa m'kabati, akuchisunga kuchipinda kwawo. Ndikuona kuti akuopa kuti tsiku lina mudzatulukira kudzachitenga.

Poti nkhani yanu ija inandisowetsa mtendere pang'ono, ndinawauza a Pettengill kuti m'chitinimo muli zingati. Iwo anati pa ulendo wawo wokapikula katundu akhoza kuchitenga n'kukafunsa ku banki ngati pali chovuta, mwaulere. Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amvekere, "Dzina la a Thurlow silinakanidwepo pakauntala iliyonse, bambo Pettengill. Imwani tiyi wanu." Munthu wamkulu ndi ndevu zake anangoti khwinya ngati mwana wasukulu.

A Pettengill amabwera kawirikawiri tsopano, kudzatiwazira nkhuni ndi kukonza denga la khola. Musaganize zambiri. Kapena ganizani, zilibe kanthu, ndine wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndipo sindinaone mchimwene wanga akuwaza chikuni pano.

Ngati munthu wanu wokatenga mitembo alipodi, tchulani dzina lake. Ngati kulibe, vomerani, ndidzawauza Amayi mwanzeru.

Philena


Portland, 18 Febuluwale 1866

Philena,

Moni kwa Amayi ndi kwa iwe. Ndikulemba ndi ukali, undikhululukire malembedwe.

Ndinakulembera pa 17 Disembala. Dzina la munthuyo linalimo, tsiku lomaliza linalimo, kapepala ka m'nyuzipepala kanalimo. Ndibwerezenso: 31 Malichi, mupite nokha, musandipatse ine kanthu.

Tsopano tsegula maso. Kalata yanga yasowa. Makalata a ku Alder Ridge amadzera m'manja mwa munthu mmodzi. Munthu yemweyo ndi amene anakuuza kuti palibe choopsa, yemweyo wadziwa kuti m'chitini muli zingati, yemweyo wadzipereka kuchinyamula mwaulere, ndipo mwadzidzidzi wayamba kukonda nkhuni zathu. Akudikira kuti masiku atsale ochepa, adzakuopsezeni, agule zonse pa theka la mtengo, yekha akalandire zathunthu. Ndawaona otere kuno, amavala bwino ndipo amapemphera mokweza. Iwe umandiyesa ine wakuba, pamene wakubayo ukumuthirira tiyi.

Usamuonetse kalata ino.

Orrin


Portland, 22 Malichi 1866

Kwa a Sewall Pettengill,

Sindikufunsani za moyo wanu, chifukwa sindikufuna kunama. Makalata anga awiri opita kwa mlongo wanga Philena Thurlow, ya pa 17 Disembala ndi ya pa 18 Febuluwale, sanayankhidwe, ndipo yoyambayo ndikudziwa kuti sinafike. Ino ndalemba dzina lanu pa envelopu kuti mwina yokhayi muitsegule mwachilungamo.

Banki ya Corliss Mills ileka kulipira ndalama zake zakale pa 31 mwezi uno. Ndikukhulupirira kuti mukudziwa kale. Ngati tsikulo lidutse mayi anga asanauzidwe, kapena ndikadzamva kuti mwagula ngakhale dola imodzi ya m'chitini chawo, ndidzabwera ndekha, ndipo ndidzaima pakhomo la tchalitchi kuuza mudzi wonse chimene munachita ndi ndalama zoikira msilikali.

Orrin Thurlow


Alder Ridge, 28 Malichi 1866

Achimwene,

Moni. Sitili bwino, ndipo sindikudziwa poyambira.

Lero m'mawa a Pettengill afika matope mpaka m'mawondo, nkhope ili psuu, kalata yanu ili m'manja. Sanavule n'chipewa chomwe. Anaima pakati pa khitchini amvekere, "Mayi Thurlow, pepani kwambiri, koma nenani pamaso pa mwana wanuyu. Makalata awiri a ku Portland ndinawapereka m'manja mwa ndani?"

Amayi anali akusenda maapozi. Sanasiye kusenda. Anangoti, "Mwanga."

Ndinati, "Amayi, mukuti chiyani?"

"Ali m'chitini, pansi pa ndalama. Kawerenge ngati ukufuna."

Ndinawapeza onse awiri, otsegula, opindidwa bwinobwino, ndi kapepala ka m'nyuzipepala komwe. Ndinawawerenga chiimire. Achimwene, ndinakutukwanani miyezi itatu, m'makalata ndi mumtima momwe, ndipo ndinalakwa. Sindidziwa kupepesa mokongola, ndiye mulandire momwemo. Inunso mudzawapepese a Pettengill. Tsikulo sankalidziwa n'komwe, m'sitolo mwawo muli madola makumi asanu ndi limodzi a mtundu womwewo, ndipo mukanapanda kuwanyoza akanapsa nawo. Akuti sakudziwa ngati akuthokozeni kapena akuthyoleni mphuno.

Ndinabwerera kukhitchini ndikulira. Ndinati, "Bwanji, Amayi? Simukuwakhulupirira a Orrin?"

Iwo anati, "Ndinamukhulupirira kuyambira kalata yoyamba. Ndakhala mkazi wa msungichuma zaka makumi awiri ndi zisanu, ukuganiza kuti sindidziwa chimene amachita ndi ndalama zobwezedwa? Amatenga chitsulo, amaboola pa dzina la wosaina, madzulo ake n'kuziponya m'mbaula akuluakulu a banki akuonerera. Bambo ako sanandilembereko kalata, poti sitinasiyanepo. Chithunzi sanajambulitse. Dzanja lawo latsala pamenepo pokha."

Ndinati, "Nanga Eben?"

Anati, "Sabata iliyonse ndimati ndipita Loweruka likudzali."

Kwatsala masiku atatu. Msewu ndi phala, monga munanenera. A Pettengill ati ngolo yawo ndi akavalo awiri zikhala pakhomo pathu Loweruka mbandakucha, kaya Amayi akwera kaya ayi. Pano ndikulemba, akhala pampando wa Bambo, chitini chili pamiyendo, manja onse awiri ali pachivindikiro. Ndikhoza kuwalanda, mphamvu ndili nazo. Koma sindingathe, achimwene. Mukanakhala inu mukanatani?

Mlongo wanu,
Philena


Alder Ridge, 1 Epulo 1866

Orrin mwana wanga,

Moni. Ndine mayi ako, ndikulemba ndekha. Chifuwa chachepa. Ukudya mokwanira?

Ndinabisa makalata ako. Ndinakusiya kuti mlongo wako akuyese wakuba, iwenso umuyese wakuba munthu wosalakwa, ine ndili chete ndikusenda maapozi. Limeneli ndi tchimo langa, ndalinena kwa Mulungu lero kutchalitchi ndipo ndikulinena kwa iwe.

Lachisanu masana ndinayala ndalama zonse pabedi kuti ndizione. Mapepala makumi anayi ndi atatu. Pakati pake panali ka madola awiri kodulidwa mokhota, ngodya ina yodyeka mpaka pafupi ndi nambala. Ndinalikumbukira tsiku lake. Eben anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, lilime lili panja, sizasi yanga itamukulira m'manja. Kapepala kameneka kanayenda m'matumba a anthu zaka khumi, kenaka kanabwerera kwa ine pa mtengo wa batala. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Ndinaona kuti ndikulondera inki ya munthu amene agona m'manda abwino okhala ndi mwala, pamene mwana wake ali pansi pa thabwa m'munda wa eni. Ndinaganizanso kuti pa pepala lililonse bambo ako anasainira kuti banki idzalipira wobwera nalo. Ndikanalola Loweruka lidutse, ndikanawasandutsa munthu wabodza, ine mkazi wawo.

Tinanyamuka dzulo kusanache bwino. Ngolo inatitimira kawiri, ndipo kachiwiriko Philena anatsika kukakankha, akumulalatira Sewall kuti sadziwa kuyendetsa akavalo. Adzakwatirana amenewa. Tinafika patatsala ola limodzi kuti atseke. Pakhomo alembapo dzina latsopano, koma belu la pachitseko ndi lomwe lija.

Msungichuma wa lero ndi munthu wachilendo, sanandidziwe. Anawerenga, anatenga chitsulo chake. Philena anati, "Amayi, tiyeni tikadikire panja." Ndinakana. Ndinaimirira pomwepo n'kuona dzina la bambo ako likubooledwa, limodzilimodzi. Phokoso lake ndi laling'ono, ngati kuthyola nthambi youma. Sindinalire mpaka pa la makumi atatu.

Atafika pa kokhota kaja ndinaika chala pamwamba pake. Iye anati, "Mayi, mukakasunga kameneka, mawa kakhala pepala chabe." Ndinati, "Ndikudziwa, bambo. Kwa ine kanasiya kale kukhala ndalama." Anayang'ana dzinalo, anayang'ana ine, kenaka anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndikufuna mpando.

Zatsopanozo ndi zobiriwira, zonse zofanana, ndipo mayina ake sindikuwadziwa. Sewall akubweretsera yekha Lachiwiri pa sitima. Umulandire bwino, umupepese, umugulire chakudya. Usamutayitse nthawi munthu wa mitembo uja, masiku atha.

Ndiye ndalamazo zaperewera madola awiri. Amenewo uonjezere ndiwe. Ndi ngongole yokhayo imene uli nayo kwa ine. Mazana atatu aja sindinawalembe paliponse, ndipo ndikanakhala nawo kawiri ndikanawapereka kawiri. Chimene chimandipweteka si chakuti iwe unatsala. Ndi chakuti ndinataya mwana mmodzi ku nkhondo, wina n'kudzitaya yekha ku Portland.

Pita naye munthu wa mitemboyo ku Virginia ukamutenge mng'ono wako. Usamutumize ngati mgolo wa nsomba, ukhale naye m'sitimamo mpaka kuno. Mukafika, iye tikamugoneka pafupi ndi bambo ake, iwe udzakhala patebulo udye nyemba.

Mayi ako,
Mehitabel Thurlow